Wamva m'mimba akalephera kutsekula chitseko

 Sabata ino gawo lolemba lagwera ine, mayi wa geni ya matimati, anyezi ndi bonya kuno kwa Khwethemule, m'boma la Thyolo. Ndabwera ndi mwambi umodzi woti tikangane nawo.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tonse tinakula nawo mawu amenewa, ndipo timawatchula tikafuna kunena kuti mwini vuto ndiye ayambe kudzuka, asadikire kuti ena amuganizire. Pa m'mimba mwa usiku umodzi, mwambiwu sunama. Koma pamsika pano timaona anthu amene m'mimba mwawo simutha. Chitseko chawo n'choti atsekule mwezi uno, mwezi wamawa, chaka chamawa, mpaka tsiku lawo lomaliza. Ndipo alipo matenda ena amene amayamba ndi kulanda munthu mphamvu yoti adzukire pamphasa. Ndiye funso langa ndi ili: munthu wotere akalephera kutsekula, mlandu ndi wake yekha? Nanga ife ogona naye nyumba imodzi, ogulitsa naye mzere umodzi, opemphera naye tchalitchi chimodzi, ngongole yathu kwa iye ndi yotani, ndipo imathera pati?

Amalawife pa maliro sitigona, ichi chokha tidziyamikire. Uthenga ukangomveka, mbale ya chipepeso imazungulira msika wonse, ngakhale amene sankalankhulana ndi malemu amaponyamo kangachepe. Amayi amagona pasiwa, adzukulu m'mamawa ali kumanda ndi makasu, ufa ndi nkhuni zimachokera kumene sukudziwa. Munthu akagonekedwanso kuchipatala, sabata yoyamba fulasiki ya phala siyisowa, magadiyani amachita kusinthana. Zonsezi n'zabwino. Koma taonani bwino: chifundo chathuchi tinachisoka pa muyezo wa matenda amene ali ndi mathero. Wodwala achire tisangalale, kapena atisiye tilire. Amene sakuchira komanso sakumwalira, mwambo wathu ulibe pomuika. Mwezi woyamba anthu amadzaza pakhonde. Mwezi wachitatu kumabwera amayi a Mvano kapena a Dorika okha. Chikatha chaka umamva wina akufunsa kuchigayo kuti, "Kodi bambo aja adakalipo?" Chifundo chathu chimagwa ngati chizimalupsa, chamkokomo, tsiku limodzi, kenako dzuwa phwee. Pomwe matenda a mgonagona amafuna mvula ngati chiperoni cha kuno kwathu, yowaza pang'onopang'ono, yosasangalatsa, koma yokhalitsa.

Tiyeni tiwerengere mtengo wa chitsekocho, poti kuwerengera ndiye ntchito yanga. Tengani mayi wothyola tiyi amene anamupeza ndi BP. Kuesiteti ndalama imayenda ndi makilogalamu a masamba amene wathyola, ndipo ntchito yambiri ndi ya nyengo ya mvula, tiyi akamaphukira. Chilimwe chikafika ambiri amakhala pakhomo kudikira. Ndiye tsiku lopita kuchipatala m'nyengo yothyola ndi tsiku lodula kwambiri. Kwa ife a geni n'chimodzimodzi. Matimati sadziwa kuti mwini wake ali pamzere wa dokotala, amangopsa n'kuyamba kuchucha madzi. Onjezanipo ya kabaza, kupita ndi kubwera, m'mapiri athu ano amene mvula ikagwa njinga yamoto imachita kukankhidwa. Ku Makwasa kuli chipatala chachikulu cha Malamulo, koma ndi cha mishoni, zambiri n'zolipira. Chipatala cha boma ku Thyolo n'chaulere, koma msewu wopita kumeneko si waulere. Ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika nthawi zina m'dziko muno: wafika, wadikira, wayezedwa, kenako akukulembera m'buku kuti mankhwala awa atha, mukagule kufamase. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu akuti "mukagule" amalemera ngati thumba la simenti.

Ndiye munthu amayamba nzeru zaumphawi. Piritsi amalidula pakati kuti lifike kumapeto kwa mwezi. Kapena amamwa tsiku lokhalo limene mutu ukupweteka. Anamwino amanena mobwerezabwereza kuti BP nthawi zambiri siimveka m'thupi, imakwera munthu akuseka, ndipo imadzaonekera pa sitiroko, pa mtima kapena pa impso. Wa shuga naye kachilonda ka kuphazi kamene ena kamapola sabata imodzi, kwa iye kakhoza kumudulitsa mwendo. Amamulangiza kuti azidya zamasamba ndi zipatso, achepetse mchere ndi zotsekemera, pamene pakhomo chilipo ndi nsima ndi bonya wanga yemweyu, wamchere. Zikafika poipa, ife timati, "Aaa, mayi aja anali osasamala, mankhwala samamwa." Mwambi uja wabwera, wagamula mlandu, tonse tasamba m'manja.

Za khunyu ndiye zimandipweteka mwapadera, chifukwa pamenepa mtengo wina timaonjezera ndi ife tomwe. Munthu akagwa pamsika anthu amathawa, akuti malovu ake akakukhudza nawenso uyamba kugwa. Bodza. Khunyu sapatsirana. Chofunika n'kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumugoneka cham'mbali, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, n'kudikira kuti zidutse. Mapiritsi ake alipo, ndipo ambiri akamamwa tsiku lililonse amatha miyezi osagwa. Koma akangodukiza masiku angapo, matenda amabwerera. Zipsera zamoto zimene mumaona pa manja a anthu a khunyu, zambiri ndi za masiku odukizawo.

Tsopano ndifike pamene pali nkhani yanga yeniyeni. Thupi likadwala nthawi yaitali, maganizo sakhala pambali kumaonerera. Pali bambo ena kuno, dzina ndisunga, amene anagwira ntchito m'tiyi zaka zambiri mpaka sitiroko inawagwira mkono ndi mwendo wa mbali imodzi. Mankhwala a BP ankamwa, mwendo unayamba kukoka pang'ono, anthu tinati basi achira. Koma bambowo anasiya kutuluka. Wailesi imene ankamverera mpira wa Bullets ndi Wanderers inangokhala pawindo kuchita fumbi. Nsima ankangoinyema kawiri n'kukankha mbale. Usiku osagona, masana osalankhula, ndipo akalankhula mawu ake anali amodzi: "Ine ndangokhala katundu pano." Achibale ena anati ndi ulesi, ena anati akunyada, ena anati pali dzanja la munthu. Palibe amene anati akudwala, chifukwa matenda amene tinkawadziwa anali a mwendo aja, ndipo mwendo unali bwinoko.

Anali namwino wina amene anafunsa akazi awo funso losayembekezeka, lakuti kodi bambo amagona, amadya, amaseka? Atamva yankho anati amenewa ndi matenda ena apadera, amene achipatala amawatchula kuti depression, ndipo amakonda kubwera pambuyo pa sitiroko, shuga, HIV ndi matenda ena okhalitsa. Chizindikiro chake chachikulu n'chimene ife tinkachitcha ulesi chija. Munthu amataya chilakolako cha chilichonse, ngakhale cha kuchira kumene. Tandiuzani, munthu wotere mukamuuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwamuuza chiyani? Zili ngati kuuza wothyoka mwendo kuti athamangire kuchipatala.

Vuto lina ndi la mawu. M'kulankhula kwathu kwa tsiku ndi tsiku tili ndi awiri okha: kuganiza kwambiri, ndi misala. Kuganiza kwambiri timati si matenda, munthu angolimba mtima. Misala timati ndi uja wotola zinyalala pamsika, ana akumukuwiza. Pakati pa awiriwa pali chigwa chachikulu chodzaza anthu, koma chilibe dzina. Ndipo mawu akuti "ku Zomba" tinawasandutsa chipongwe, moti munthu amasankha kuvutika m'nyumba kusiyana n'kuti anthu amve kuti anapita kukaonana ndi a zamaganizo. Inde, Zomba Mental Hospital ndicho chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma si aliyense ayenera kukafika kumeneko. M'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino ndi madokotala aang'ono ophunzira za matenda a maganizo, ndipo ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ena ndi mapiritsi, ena ndi uphungu wokha. Mapiritsi akenso si panado kuti umwe lero umve lero. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, n'chifukwa chake ambiri amasiyira panjira ngati palibe wowalimbikitsa.

Apolisi akamalengeza za anthu odzipha, chaka ndi chaka ambiri amakhala abambo, ndipo zifukwa zimene zimatchulidwa ndi ngongole, mavuto a m'banja ndi matenda. Anyamata timawalera ndi mawu akuti mwamuna salira, kenako timadabwa akakula n'kumafa osanena kanthu. Kwa zaka zambirinso malamulo a dziko lino akhala akutenga munthu woyesa kudzipha ngati wopalamula mlandu, ndiye banja limabisa m'malo mothamangira kuchipatala. Ndipo kuno kum'mwera tili ndi bala lina latsopano. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, alipo anthu amene mvula ikayamba kumenya malata usiku amakhala tsonga mpaka kucha, akumvetsera kuphiri. Amenewa m'buku la kuchipatala mulibe chimene chinalembedwa.

Wina anena kuti mayi inu mukudandaula za zinthu zosatheka, dziko losauka lingatani. Ine ndikukana, chifukwa Thyolo yemweyu anachitapo kale. Ndili kamtsikana ka kupulayimale, maliro kuno anali a tsiku ndi tsiku, ndipo matenda ake tinkangowatchula monong'ona. Bungwe la Médecins Sans Frontières, limene tinkangoti MSF, linayamba kugwira ntchito m'boma lino mu 1997. Mu 2003 ma ARV anayamba kuperekedwa ku Thyolo, ndipo mu 2004 boma linayamba kuwapereka ulere m'dziko lonse. Anthu amene tinali titawalira kale anadzuka n'kubwerera kumunda. Koma posakhalitsa zinaoneka kuti mankhwala aulere si mathero a nkhani, chifukwa msewu uja unali womwewo, kabaza yemweyo, tsiku lotayika lomwelo. Mankhwala anawatsitsira kuzipatala zing'onozing'ono zakumudzi. Kenako kunabwera nzeru ina imene inayambira ku Tete, ku Mozambique, mu 2008, n'kufika kuno mu 2012: anthu a pamankhwala okhala moyandikana, osapitirira 6, amapanga gulu, ndipo mmodzi yekha amapita kukatengera onse, ulendo wina n'kupita wina. Asanapite amakumana, amawerengerana mapiritsi, amafunsana za m'thupi.

Ndakhala ndikuganiza chimene chinalimbitsa magulu amenewa, ndipo ndikuona kuti si chifundo ayi. Chifundo chimatopa. Chimene chinagwira ntchito ndi kusinthana, ngati mmene timachitira ndi chipereganyu kapena banki m'khonde. Lero ndakunyamulira, ulendo wamawa undinyamulira. Palibe wopempha, palibe wopatsa, ndiye palibe amene amadzimva katundu. Ndipo mmodzi akasowa pamkumano, anzake amadziwa tsiku lomwelo n'kupita kukagogoda. Chitseko chija sichinasiyidwenso kwa munthu mmodzi.

Nanga bwanji nzeru imeneyi inathera pa HIV pokha? Wa BP, wa shuga, wa khunyu, wa maganizo, aliyense akuyendabe yekha. Ku Neno, a Abwenzi Pa Za Umoyo mogwirizana ndi boma anayamba mu 2015 kuona odwala onse a matenda okhalitsa pa kiliniki imodzi, moti wa HIV amene alinso ndi BP sayenda maulendo awiri, ndipo pamzere sudziwa kuti mnzako wabwerera chiyani. Ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala a maganizo ndi ochepa, anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kulangiza anthu atakhala pa benchi panja pa chipatala, kuyambira ku Harare. Matendawo m'Chishona amati kufungisisa, ndiye kuganiza kwambiri komweku. Agogo tili nawo, mabenchi ndiye osanena, ine ndimakhalira limodzi tsiku lonse.

Koma ndisanamizire kuti nkhaniyi ndi yophweka, chifukwa mbali inayo ndimaidziwanso, ili m'kope langa la ngongole. Akazi a bambo aja amagulitsa zitumbuwa mzere womwe ndimakhala, ndipo ndiwo za pakhomo pawo amatenga kwa ine, zambiri pangongole. Mayiwa ndi amene amasambitsa, kuphika, kuchapa, kunyamula, kenako n'kubwera pamsika maso ali psuu. Wodwazika matenda amadwala nawo, koma iye palibe amene amamubweretsera fulasiki. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu kuti, "Achemwali, nthawi zina ndimalakalaka nditangokwera basi osabwerera." Sindinawaone ngati oipa mtima. Ndinaona munthu amene wasenza yekha denga la anthu khumi.

Nanga ine? Mpamba wanga si wanga ndekha, ndi wa banki m'khonde, ndipo tsiku lobweza likafika anzanga safuna kumva nkhani ya sitiroko ya mwini wake. Ndili ndi ana ofuna fizi. Kodi chilungamo chimafuna kuti ndizipereka bonya mpaka geni yanga igwe? Ine ndikuti ayi. Ngongole yathu kwa wodwala ili ndi malire, ndipo amene akunena kuti ilibe nthawi zambiri ndi amene sanaperekepo kanthu. Koma malirewo ayenera kunenedwa ndi pakamwa. Chimene chimapha odwala ndi owasamalira si kukanidwa, koma kuthawidwa mwakachetechete: munthu amene ankabwera wangosiya, foni sakuyankha, mukakumana panjira akuyang'ana kumbali. Wodwala amayamba kudzifunsa chimene walakwa, ndipo maganizo aja amapeza chakudya. Ine ndinawauza mayiwo poyera kuti ngongole ifike apa, isapitirire, koma tsiku lopita ndi bambo kuchipatala beseni lanu la zitumbuwa muzisiya kwa ine, ndigulitsa. Chimenechi n'chaching'ono, koma akudziwa kuti chilipo mwezi uliwonse, ndipo akhoza kuchiwerengera.

Palinso nkhani ya miseche, poti pamsika nkhani imathamanga kuposa minibasi. Ena amabisa matenda awo osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa amatidziwa. Ndiye ndikamati tithandize kutsekula chitseko, sindikunena zochithyola. Kwathu kuno mlendo amati odi, n'kudikira. Ukhoza kufunsa kuti, "Tsiku lanu la kuchipatala ndi liti, ndikuperekezeni?" Akakana, wakana, udzafunsanso mwezi wamawa, ndipo zimene wamva zithere m'makutu mwako. Pamene ndimaona kuti odi sakwanira ndi pamodzi pokha: munthu akayamba kulankhula za imfa yake, kugawa katundu wake, kutsanzika anthu popanda ulendo. Pamenepo usamusiye yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achoke m'nyumba, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akukwiyire. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Ambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa.

Za mapemphero ndinene mwachidule, poti ndikudziwa kuti m'gulu muno tili a mipingo yosiyana, ena Asilamu. Ine ndimapemphera, ndipo ndaona pemphero likugwira munthu amene akanagwa. Koma amene akuuza mwana wa khunyu kuti ataye mapiritsi kuti aonetse chikhulupiriro, iyeyo sadzakhalapo tsiku limene mwanayo adzagwere pamoto. Adzakhalapo ndi mayi ake.

Mwambi uja sindikuutaya wonse. Piritsi palibe angakumezere. Ndipo m'chipinda cha dokotala, mmene mzere panja wafika kumpanda ndipo iye ali ndi mphindi zochepa, pali zinthu zimene ndiwe wekha ungazinene. Makina ayeza BP, ayeza shuga, koma sayeza kuti watha masabata atatu osagona, kapena kuti mapiritsi ukudula pakati chifukwa cha ndalama. Ambirife tikafunsidwa kuti muli bwanji timati tili bwino, ngakhale kwa dokotala, ngati tikupatsana moni panjira. Tinene zonse, za thupi ndi za mumtima, buku la kuchipatala lisatsale, ndipo ngati pakamwa pamauma ukaona yunifolomu, pita ndi munthu amene angakulankhulire. Gawo la wodwala ndi limenelo, ndipo ndi lalikulu kale. Kumuonjezeranso msewu, kabaza, geni yotsala ndi manyazi, n'kumati zonsezo ndi zake poti ndiye wamva m'mimba, kumeneko ndiye kubisala kuseri kwa akuluakulu.

Mzere wathu tili amayi asanu. Titakambirana zoti tizisinthana kuyang'anira malonda a aliyense amene ali ndi tsiku la kuchipatala, kaya lake kaya la wodwala wake, atatu tinavomera pomwepo. Mmodzi anati aganize kaye. Wachisanu anakana, anati kwawo ali ndi apongozi ogona chaka chachitatu tsopano, ndipo palibe wa pamsika pano amene anapitako ngakhale kamodzi, ndiye asayambe lero kuuzidwa za umodzi. Tonse tinangoti chete, chifukwa enafe sitinkadziwa n'komwe kuti kunyumba kwake kuli wodwala. Bambo aja ayamba kukhala pakhonde madzulo, wailesi ili pamwendo, ngakhale masiku ena amabwereranso m'nyumba osalankhula ndi munthu. Tsiku lawo lotsatira ndi Lachinayi, ndipo beseni la zitumbuwa lidzakhala pambali pa anyezi wanga.